Bambo Sitiwasiya Kuphanga

Dzina langa ndine Ruha. Izi zinachitika kale kwambiri, ndili kamtsikana. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha. Ndinkafuna kuti bambo anga apite nafe kuchigwa. Koma bambo anali atathyoka mwendo.

Nthawi yozizira tinkakhala m'phanga. Phanga lathu linali pamwamba pa phiri. Linali lalikulu. Tinkakwanamo tonse. Munali ife, amalume, azakhali ndi mabanja ena. Pafupi ndi phanga panali kasupe. Kasupeyo ndiye ankatipatsa madzi.

M'mawa akazi ndi ana tinkapita kutchire. Tinkatola mtedza wa m'mitengo. Tinkakumba mizu. Tinkagwira akamba. Amuna ankapita kukasaka mbawala. Aliyense ankabwera ndi kanthu. Aliyense ankadya.

Bambo anga dzina lawo ndi a Garo. Ntchito yawo inali kupirikitsa mbawala. Ankazithamangitsira kumene anzawo abisala ndi mivi.

Tsiku lina osaka anabwera dzuwa lili pamutu. Anabwera osaimba. Amalume anga, a Teru, anali atabereka munthu kumsana. Munthuyo anali bambo.

"Aponda mwala wogwedera," anatero amalume. "Mwendo walowa pakati pa miyala."

Amayi anathamanga. Inenso ndinathamanga. Mlongo wanga Ebi anayamba kulira. Ebi anali wamng'ono. Anali atangoyamba kumene kuyenda.

Azakhali anga, a Nisa, sanalire. Iwo ndi achemwali awo a bambo. Ndiwo ankalumikiza mafupa kwathu.

"Patukani!" anatero azakhali. "Ruha, kathyole timitengo towongoka. A Teru, mugwireni m'mapewa. Iwe Garo, luma chikopa ichi."

Bambo analuma chikopa. Azakhali anakoka mwendo. Ine ndinatseka maso. Nditatsegula, fupa linali litabwerera pamalo pake. Azakhali anaika timitengo uku ndi uku. Anamanga ndi zingwe zachikopa. Anamanga zolimba.

"Usaponde pansi," anatero azakhali. "Ukaponda, ndikuthyola winawo."

Bambo anaseka pang'ono. Thukuta linali kamukamu.

Osakawo anabweranso ndi mbawala imodzi. Anaisenda ndi mipeni yamwala. Anagawa nyama. Banja lililonse linalandira. Kwathu nyama si ya amene wapha. Nyama ndi ya onse.

"Alamu," anatero amalume, "mwathyokera mwendo kambawala kowonda aka? Nthiti zokhazokha!"

"Ngati ndi kowonda, bweretsani nthuli yanuyo," anayankha bambo.

"Ayi, ndingodya. Ndingakuchititseni manyazi."

Tonse tinaseka. Kwathu wosaka sadzitama. Anzake amamuseka kuti asakule mtima.

Masiku anapita. Kunayamba kutentha. Udzu unauma. Mbawala zinapita kutali. Kasupe anayamba kuphwa. Poyamba madzi ankathamanga. Kenako ankayenda pang'onopang'ono. Kenako ankangodontha. Tho! Tho! Tho!

Amalume anakwera pathanthwe lalitali. Anayang'ana kuchigwa, kutali uko. Anatsika akuthamanga.

"Chigwa chachita chikasu!" anakuwa. "Tirigu wacha!"

Tirigu amamera yekha kuchigwa. Akacha, sadikira munthu. Amayoyoka. Mbalame zimadya. Tikachedwa, nthawi yozizira timagona ndi njala.

Tonse tinakhala pansi pakhomo pa phanga. Tinakhala mozungulira. Kwathu nkhani ikakula, aliyense amalankhula. Akazi amalankhula. Amuna amalankhula. Ngakhale mwana amamumvera.

"Tinyamuke mawa," anatero mayi wina.

"Inde, madzi akutha," anatero bambo wina.

"Nanga a Garo?" anafunsa amayi.

"Ndiwabereka ine," anatero amalume.

"Ayi," anakana azakhali. "Njira ndi yaitali. Mwendo ukamalendewera, fupa lithyokanso."

Bambo anatsokomola. "Mundisiye," anatero. "Mundisiyire mtedza, mkondo ndi moto. Mukamaliza kumweta, mudzanditenge."

"Nanga madzi?" anafunsa azakhali. "Nanga afisi?"

"Nditsala nawo ine," anatero amayi.

"Ayi, mayi a Ruha," anatero bambo. "Ana akufuna inu. Kuchigwa kukufunika manja."

Ine ndinaimirira.

"Bambo sitiwasiya," ndinatero.

Onse anandiyang'ana.

"Palibe akufuna kuwasiya, mwanawe," anatero amalume. "Koma tiwatenga bwanji?"

"Ganiza," anatero amalume. "Nafenso tikuganiza. Dzuwa likadalipo."

Ndinaganiza. Ndinapeza ndodo yaikulu. Ndinapita nayo kwa bambo.

"Bambo, gwirani iyi."

Bambo anagwira ndodo. Anaimirira ndi mwendo umodzi. Anadumpha. Anadumphanso. Nkhope yawo inasintha. Anakhala pansi msanga.

"Iwe Ruha!" anakalipa azakhali. "Ukufuna kundiwonongera ntchito?"

Ndodo inakanika.

Ndinaganizanso. Ndinayala chikopa chachikulu pansi. Ndinaitana msuweni wanga Yabu. Yabu ndi mwana wa amalume. Ndi wamkulu pang'ono kwa ine. Amakonda kundiseka.

"Bambo, gonani apa," ndinatero. "Tikukokani."

Bambo anagona pachikopa. Ine ndinagwira uku. Yabu anagwira uku. Tinakoka. Chikopa sichinasunthe. Amalume anabwera kudzatithandiza. Chikopa chinasuntha. Msana wa bambo unagunda mwala. Gu! Unagunda mwala wina. Gu!

"Mayo! Basi, basi!" anakuwa bambo. "Ndikafika kuchigwa ndili wosendeka ngati mbawala."

Yabu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ruha, nzeru zako n'zazifupi ngati miyendo yako," anatero.

"Zako zili kuti, iwe makutu a mleme?" ndinamuyankha.

Chikopa chinakanika.

Ndinafuna kulira. Amayi anandisisita pamutu.

"Pita ukatole nkhuni," anatero. "Umutenge Ebi."

Ndinapita ndi Ebi. Ndinapeza nthambi yaikulu yakugwa. Inali ndi mphanda. Inali yolemera. Sindikanatha kuisenza. Ndinaika tsinde lake paphewa. Ndinayamba kuikoka.

Ebi anatopa. Anakweza manja.

"Bereka! Bereka!"

"Sindingathe, Ebi. Yenda."

Ebi sanayende. Anakwera panthambi. Anakhala pamphanda. Anagwira zolimba.

"Tsika, iwe!"

Ebi anapukusa mutu. Ndinakoka ndi mkwiyo. Nthambi inayenda. Khwee! Khwee! Ebi anaseka. Ndinakokanso. Tinadutsa pamiyala. Ebi sanagunde mwala. Iye anali m'mwamba. Pansi pankakhudza nsonga zokha.

Ndinaima. Ndinayang'ana Ebi. Ndinayang'ana nthambi.

Ndinakoka nthambi mpaka kuphanga. Ebi anali pomwepo, akuseka.

"Taonani! Taonani Ebi!" ndinakuwa.

"Ruha wabweretsa nkhuni yoseka," anatero Yabu.

Anthu anaseka. Koma azakhali sanaseke. Anazungulira nthambi. Anaizunguliranso.

"Takokanso," anatero.

Ndinakoka. Khwee! Khwee!

"Mwana uyu!" anatero azakhali. "A Teru, kaduleni mitengo iwiri yaitali. Ikhale yolimba."

Aliyense anagwira ntchito. Amalume anadula mitengo ndi nkhwangwa yamwala. Amayi anaboola chikopa ndi fupa losongoka. Akazi ena anapota zingwe. Yabu anamweta udzu wofewa. Akulu anamanga chikopa pakati pa mitengo iwiri. Anapingasa kamtengo kumutu. Anapingasa kena kumiyendo. Azakhali anayala udzu pogoneka mwendo.

Bambo anagonapo. Amuna awiri anaika mitengo paphewa. Anakoka. Khwee! Khwee!

"Zikupweteka, bambo?" ndinafunsa.

"Pang'ono pokha," anayankha.

"Pamiyala ena azinyamula kumbuyoku," anatero amayi.

Anayesa. Bambo anadutsa pamwamba pa miyala. Sanagunde ndi umodzi womwe.

Koma panali vuto lina. Wokoka sangasenze katundu. Ndipo aliyense anali ndi katundu wake. Panali zikopa zofunda. Panali madengu a mtedza. Panali mikondo. Panali mazira a nthiwatiwa osungiramo madzi.

Amalume anali ndi mtondo wamwala. Anausema okha. Anausema nthawi yonse yozizira. Unali wosalala. Unali wolemera. Ankaukonda kwambiri.

Amalume anayang'ana mtondo. Anayang'ana bambo. Anayang'ananso mtondo.

"Tengani mtondo wanu, alamu," anatero bambo motsitsa mawu.

"Mtondo suseka nthabwala zanga," anayankha amalume.

Anaugubuduzira m'kati mwa phanga. Anauvundikira. Anausisita kamodzi n'kutuluka.

Azakhali anasiya chikopa chawo cha ng'ombe yam'tchire. Mayi wina anasiya mphero. Ine ndinasiya miyala yanga yosewerera.

"Dengu la amalume ndisenza ndine," ndinatero.

"Mikondo ndinyamula ndine," anatero Yabu.

Ana ena anamva. Nawonso anathamangira katundu wa akulu.

Kutacha tinanyamuka. Tinatunga madzi otsala. Amayi anaika khala la moto m'chigoba cha kamba. Moto nawo unapita nafe.

Amuna awiri ankakoka. Akatopa, ena awiri ankalowa. Akazinso ankakoka. Pamiyala ena ankanyamula kumbuyo. Tinkaimba:

Koka, koka, mnzathu apite!
Kweza, kweza, mwala tadutsa!

Dengu linkandilemera. Khosi linkawawa. Koma sindinanene.

Bambo anagona choyang'ana kumbuyo. Sankaimba. Sankaseka. Anaphimba nkhope ndi dzanja.

Ndinayenda pafupi nawo.

"Bambo, mwendo ukupweteka?"

"Ayi, mwana wanga."

"Nanga bwanji?"

"Aliyense wanyamula kanthu," anatero. "Ngakhale iwe wanyamula. Ine ndiye ndasanduka katundu."

Ndinayang'ana amayi. Kumsana anali ndi Ebi. Pamutu anali ndi dengu. M'manja anali ndi moto. Amayi anali atatopa.

"Amayi, perekani Ebi kwa bambo," ndinatero.

Amayi anandiyang'ana. Anayang'ana bambo. Anamasula Ebi. Anamukhazika pamimba pa bambo.

"Mwatiwonjezera winanso?" anatero amalume, akukoka. "Mawa mukwezapo azakhali!"

"Kokani, a Teru," anatero azakhali. "Pakamwa sipakoka."

Ebi anagwira ndevu za bambo. Anazikoka. Bambo anachotsa dzanja kunkhope. Anamugwira Ebi ndi manja awiri.

Dzuwa linakwera. Tinalowa m'khwawa louma. Yabu anatsalira. Mikondo inkamulemera. Anakhala pansi kuti azule munga kuphazi. Tonse tinkayang'ana kutsogolo. Bambo okha ndiwo ankayang'ana kumbuyo.

"Imani!" anakuwa bambo. "Fisi! Kumbuyo kwa Yabu!"

Tinatembenuka. Fisi anali pathanthwe. Wina anali pansi pake. Ankayandikira mwakachetechete.

"Yabu, usathawe!" anakuwa bambo. "Imirira! Kweza mkondo!"

Yabu anaimirira. Anakweza mkondo.

Tonse tinathamangira komweko. Tinakuwa. Tinagenda miyala. Ine ndinagenda. Amayi anagenda. Mwala wa azakhali unamenya fisi pamphuno. Fisi analira. Onse awiri anathawa.

Amalume anakumbatira Yabu. Sananene nthabwala. Anabwerera kwa bambo. Ananjuta pafupi nawo. Anagwira dzanja lawo nthawi yaitali.

"Alamu," anatero amalume, "inu ndinu maso athu akumbuyo."

"Ana onse aziyenda pamene ndikuwaona," anatero bambo.

Tinanyamukanso. Ana tinkayenda pafupi ndi mapazi a bambo. Bambo ankatiyang'ana. Ankayang'ananso matanthwe. Kenako ndinamva mawu aakulu akuimba. Anali bambo.

Koka, koka, mnzathu apite!
Kweza, kweza, mwala tadutsa!

Yabu anabwera pafupi nane.

"Ruha, ndikuthandize dengu?"

"Makutu a mleme aja sanamve fisi?" ndinamufunsa.

"Khala chete, iwe," anatero. Koma anagwira mbali ina ya dengu.

Tinagona panjira. Kutacha tinapitiriza. Njira inali yaitali. Dzuwa linkaotcha. Mapewa a okoka anasupuka. Milomo yathu inauma. Mazira a madzi anatha limodzi ndi limodzi. Linatsala limodzi lokha.

Amayi anapereka dziralo kwa bambo.

"Apatseni okoka," anatero bambo.

"Apatseni ana," anatero okoka.

Ana tinamwa pang'onopang'ono. Aliyense ankanyowetsa pakhosi n'kupatsa mnzake. Dzira linafika kwa ine. Ndinalipereka kwa bambo.

"Imwa iwe," anatero.

"Mukapanda kumwa, nanenso sindimwa."

"Ruha, imwa."

"Yambani inu."

Bambo anapukusa mutu. "Mwana uyu watengera azakhali ake," anatero.

"Wachita bwino," anatero azakhali.

Bambo anamwa pang'ono. Inenso ndinamwa pang'ono. Otsalawo tinapatsa okoka.

Tinayenda. Tinayendabe. Palibe ankaimba tsopano. Kenako Yabu anaima.

"Tamverani!" anatero.

Tinamvetsera. Kunkamveka mkokomo kutsogolo.

"Mtsinje!" anakuwa Yabu.

Tinathamanga. Tinamwa. Tinasamba kumaso. Tinamwanso. Ine ndinatungira bambo dzira lodzaza.

Koma tirigu anali tsidya lina. Madzi anali ambiri. Ankathamanga. Ankafika m'chifuwa mwa akulu.

"Mwendo usanyowe," anatero azakhali. "Zingwe zachikopa zikanyowa zimamasuka."

"Apa palibe kukoka," anatero amayi. "Apa ndi kukweza."

Akulu onse anatula katundu. Anandipatsa Ebi. Anagwira mitengo uku ndi uku. Anakweza bambo pamwamba pa mitu yawo. Analowa m'madzi. Ana tinatsala pagombe.

Madzi anafika m'mawondo. Anafika m'chiuno. Anafika m'chifuwa. Pakati pa mtsinje amalume anaterereka. Anamira ndi mutu womwe. Mtengo unapendekeka. Bambo anayamba kutsetsereka.

"Bambo!" ndinakuwa.

Amayi anaika phewa pamene panali amalume. Anakankhira m'mwamba. Mtengo unawongoka. Bambo anagwira zolimba.

Amalume anavuuka akulavula madzi.

"Ndimangofuna kuona nsomba!" anatero.

"Gwirani mtengo, achimwene!" anakalipa amayi.

Amalume anagwira. Onse anafika tsidya. Azakhali anakhudza zingwe. Zinali zouma.

Akulu anabwerera kudzatenga ana ndi katundu. Ine ndinaoloka nditakhala pamapewa pa azakhali.

Tinakwera kamtunda. Pamwamba pake tonse tinaima. Tirigu! Chigwa chonse chinali chikasu. Mphepo inkamuweramitsa uku ndi uku.

Koma mbalame zinali zitafika kale. Zinali zambiri ngati mtambo. Tirigu wina anali atayoyoka. Tinali titachedwa pang'ono.

Bambo anaona. "Chifukwa cha ine," anatero.

"Chifukwa cha mbalame," anatero azakhali. "Siya kudandaula, Garo. Pali ntchito."

Anakhazika bambo pansi pa mkuyu. Anawapatsa miyala ndi mafupa. Bambo ankasema timiyala takuthwa. Pha! Pha! Ankatimata pafupa ndi utomoni. Anapanga chikwakwa chomwetera tirigu. Anapanga china. Anapanganso china. Dzino la chikwakwa likaguluka, tinkathamangira kwa bambo.

Akulu ankamweta. Ana tinkaingitsa mbalame. Tinkakuwa. Tinkaomba m'manja. Tinkatolanso tirigu woyoyoka, njere ndi njere. Akulu ankamweta m'mawa. Ankamweta masana. Manja anachita matuza.

Madengu ena anadzaza. Ena sanadzaze. Koma tinagawana mofanana. Tinayanika nkhuyu zambiri. Tinawamba nsomba zambiri.

"Tikwana," anatero amayi, atayang'ana zonse. "Sitinenepa, koma tikwana."

Mwezi unatha. Wina unatuluka. Tsiku lina m'mawa azakhali anamasula zingwe. Anachotsa timitengo. Mwendo wa bambo unali wowonda. Unali wotuwa. Azakhali anausinika apa ndi apa.

"Fupa lagwira," anatero. "Uzitsimphina, koma uziyenda. Imirira."

Bambo sanaimirire. Ankangoyang'ana mwendo. Ankaopa.

Amayi anali atakazinga tirigu pamwala wamoto. Fungo linali ponseponse. Anathira tirigu m'kadengu. Anakakhala pansi chapatali pang'ono.

"Bambo a Ruha," anaitana amayi, "lero sindikubweretserani. Bwerani mudzadye kuno."

"Mayi a Ruha, mwayamba nkhanza?"

"Bwerani," anatero amayi.

Ine ndinaima pafupi ndi bambo.

"Gwirani phewa langa," ndinatero.

Bambo anagwira. Dzanja lawo linali lolemera. Ndinalimba. Bambo anaimirira. Anaponda pansi. Anasuntha phazi limodzi. Anasuntha linalo. Anthu anasiya ntchito.

Ebi anaona kadengu. Nayenso anauyamba ulendo. Bambo ankayenda pang'onopang'ono. Ebi ankayenda dzandidzandi.

"Alamu, akukupitirirani!" anakuwa amalume.

Ebi anawapitiriradi. Anafika poyamba. Anapisa manja onse awiri m'kadengu. Anadzaza m'kamwa.

Bambo anafika. Anakhala pansi pafupi ndi amayi. Ankapuma mwamphamvu. Akazi analulutira. Amuna anaomba m'manja. Amayi ankaseka, misozi ikutsika.

"Ebi, wandisiyirako?" anafunsa bambo.

Ebi anafumbatula kadzanja kake. Munali njere zonyowa ndi malovu. Anaziika m'kamwa mwa bambo. Bambo anatafuna.

"Zokoma!" anatero.

Kenako anandikokera pafupi.

"Khala apa, Ruha," anatero. "Tidye."

Ndinakhala pakati pa amayi ndi bambo. Ebi anakwera pamiyendo panga. Tinadya mpaka kadengu kanayera.